Kukonza Tchalitchi Amayi Asanachione

Lolemba
Amayi akufika Loweruka kuchokera ku Ntchisi! Lamulungu ndipita nawo kutchalitchi. Vuto ndi pakamwa pangapa: zaka zisanu ndikuwauza pafoni kuti tchalitchi chathu cha Anglican kuno ku London n'chapamwamba. Chonsecho kwathu angomanga chatsopano, matailosi mbee, malata obiriwira. Chathu kuno miyala yakuda bii, nsanamira ina yopendekeka, pansi pokumbikakumbika. Ndichikonza ndekha! Zofunika: penti woyera, makatani, polishi wofiira.

Lachiwiri
Ndikutsika basi ndi zitini ziwiri za penti, nyimbo ili pakamwa. Mayi Doreen, woyang'anira tchalitchi, atsala pang'ono kukomoka. "Nyumbayi ndi listed!" Ati lamulo limaiteteza, nsanja yokha ili ndi zaka mazanamazana. Ndiye kukalamba konseko osaipakako? Penti wabwerera kunyumba.

Lachitatu
Palibe kanthu, makatani alipo! Leisi wa ku Peckham, wonyezimira. Koma Mayi Doreen ati kukhoma msomali umodzi mpaka kalata ku dayosizi, yankho pakatha miyezi. Komanso mawindo a magalasi amitundumitundu aja saphimba, ndi amene alendo amadzaona.

Lachinayi
Polishi! Uyu safuna msomali. Ndagwada, ndayambapo bwinobwino. Ansembe atulukira: "Pepani, mukupaka manda." Kuyang'anitsitsa, zoonadi, mwalawo uli ndi dzina! Zaka zonsezi ndimavina pamutu pa munthu, ine osadziwa. Ndapukuta, ndawapepesa malemuwo.

Lachisanu
Ndasintha nzeru. Ndiwagometsa ndi mbiri! Ndikuloweza: beseni lobatizira n'lakale kuposa nsanja, mitanda ya denga anasema pamanja, mabomba a nkhondo anaphonya. Ndikuyeserera pa okalamba amene ndimasamalira kuntchito. Awiri agona, mmodzi wapempha tiyi.

Loweruka
Afika! Ndasangalala mpaka misozi. Asanapume n'komwe asita yunifomu yawo ya amayi a mpingo. "Mawa ndikajambule, anzanga akaone." Chaja ya foni ndabisa. Anabwera ndi yawo.

Lamulungu
Amayi aima pakhomo, akhudza khoma, ayang'ana chala. Ine: "Zaka mazanamazana izi, amayi!" Iwo: "Zaka zonsezo osamaliza pulasitala? Mwanawe, umapemphera ndi anthu ovutika chonchi, osanena?" Agwira dzanja la ansembe, alonjeza kuti amayi a ku Ntchisi aumba njerwa. Ansembe, Chichewa samva, angoti "Amen."

Basi, penti ndikapaka kubafa. Zithunzi zafika kale kumudzi. Ati sabata yamawa kuli mapemphero apadera opempherera London.