Ndinafunditsa Firiji Mabulangeti

Ine ndatopa, anzanga, ndipo wofuna kuseka asekeretu ndisanayambe.

Apongozi anga aakazi anachoka ku Nsefu kudzakhala nafe ku Jumbe milungu iwiri. Ine ndinakulira kumtunda, kumene sungalole mayi wa mwamuna wako kusamba madzi ozizira, ndiye m'mawa uliwonse nkhuni, moto, utsi m'maso, mu Okutobala wa kuchigwa kuno thukuta lili kamukamu.

Tsiku lina bambo a Tisa, amuna anga, amene amaphika ku loji ku Chinzombo, anandiuza kuti kumeneko madzi otsukira mbale amatenthetsa ndi kutentha kotuluka kuseri kwa mafiriji, kudzera m'mapaipi. Nkhuni ayi, makala ayi. Ndinathamanga kukagwira kumbuyo kwa firiji yanga yaikulu ija youmitsira ayisi. Kotentha ndithu! Ndinati basi, mavuto atha.

M'firijimo munali nkhuku eyiti zososola kale za amayi a kutchalitchi, zodikira Lamlungu lolandira abusa atsopano. Anasungitsa kwa ine chifukwa amati ndine wosamala. Wosamala, mwamva?

Lachinayi ndinaika zigubu ziwiri za madzi kuseri kwake. Masana ndigwire, ofunda pang'ono chabe. Ndinaganiza kuti kutentha kukuthawa, ndiye ndinakankhira firiji kukhoma zigubu zili pakati, n'kufunditsa zonse mabulangeti awiri, chitenje pamwamba. Inayamba kubuula ngati ng'ombe yokoka ngolo pamchenga, ine n'kumati eya, gwira ntchito! Itangoti zii ndinati malaiti apita monga mwa masiku onse. Wailesi ya magetsi inali kulira pompo, koma munthu wotopa amaganiza? Lachisanu sindinatsegule n'komwe kuopa kutaya kutentha kwanga, ndipo madzi a apongozi ndinawiritsabe pamoto poti a m'zigubu anali asanatenthe.

Loweruka masana cha m'ma 14 hours Amai Zulu, apampando athu, anatulukira ndi beseni kudzatenga nkhuku.

"Mwaswera bwanji, amake Tisa? Koma mwafa khoswe muno?"

Atalowa anaima n'kumayang'ana mabulangeti aja.

"Firijiyi ikudwala malungo?"

Titatsegula, mayo ine! Nkhuku zobiriwira, zikusambira m'madzi awo, ndipo ntchentche zonse za ku Jumbe zinamva uthenga nthawi yomweyo. Amai Zulu sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Abusa afika mawa, adya chiyani?"

Ndinagwira nkhuku zanga zoikira, zonse seveni, ndi tambala yemwe. Ndikusosola misozi ili chuchuchu, apongozi anadzakhala pambali panga kundithandiza, n'kufunsa kuti ndimafuna chiyani kwenikweni ndi mabulangeti. Nditafotokoza anaika nkhuku pansi.

"Mwana wanga, madzi ako aja ndimawasiya kubafa mpaka azizire, ndiye ndisambe. Kutentha kuno ndani asamba owira? Ndimangoopa kukukhumudwitsa."

Ndinangoyang'ana nthenga zili mbwee pabwalo, msana ukuwawa ndi nkhuni za sabata yonse.

Lamlungu abusa anayamikira pamaso pa mpingo wonse kuti nkhuku za ku Jumbe n'zonona, ine n'kuyankha ameni. Firiji inafa, m'khola muli zii. Nzeru za ku loji zizitsala ku loji komweko, ndipo mlendo aliyense wobwera pano ndizimufunsa ali pakhomo pomwe kuti amasamba otani.