Dzanja Lokhotera pa Msewu wa ku Trelawney

Lolemba

Njinga ndi yanga! Kunena zoona ndi ya bambo, koma andibwereka kuti ndizipitira kusukulu. Akuti ndikaiwononga ndibwerera kumapazi. Ndipo kuchoka pakomboni pathu kukafika kusukulu si pafupi, munthu umafika njala itayamba kale.

Lero aphunzitsi athu a Moyo atiuza kuti pa malamulo a pamsewu, njinga nayonso ndi galimoto. Anzanga aseka, ine ndasunga mumtima. Sabata ino ndiphunzitsa madalaivala onse a msewu uno. Mfundo zanga:
– kuyenda kumanzere, paphula penipeni
– kutulutsa dzanja ndisanakhote
– osathawiranso m'udzu ngati nkhanga

Lachiwiri

Ndikufika pokhotera kusukulu, ndikutambasula dzanja lamanja bwinobwino. Mushikashika, kagalimoto kaja kodzaza anthu mpaka m'buti, kaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga. Hwindi, mnyamata woitanira anthu, watsika kale, wagwira njinga yanga kuti akaimangirire padenga. "Chinhoyi, mupfana? Kwira!" Ndiye kuti: wa kutauni, mnyamata? Kwera!

Ndikumufotokozera kuti dzanjali ndi lokhotera. Iye akuti kuno dzanja likatuluka, mwini wake akufuna kukwera, basi. Ndachedwa. Ndasesa kalasi.

Lachitatu

Mwina dzulo mkono unauma kwambiri. Lero ndayesa chizindikiro chochepetsa liwiro, chija chokweza ndi kutsitsa mkono. Magalimoto aima awiri! Mahwindi akukanganirana ine, wina akulumbira kuti anayamba kundiona ndi iyeyo. Sindinafunidwepo chonchi chibadwire.

Ndangowazemba, lole ya fodya ikubwera kumbuyo, hutala yake ngati ng'ombe yolusa. Sindikudziwa kuti ndafika bwanji m'udzu. Thalauza yonse chisoso chokhachokha. Mfundo yachitatu yamwalira.

Lachinayi

Lero sindisuntha. Galimoto yoyera ikuliza hutala kumbuyo, ine phee paphula, lamulo lili kumbali yanga. Yandidutsa pafupi zedi, mphepo yake mpaka kundigwedeza. Pawindo patuluka mutu: "Choka pamsewu iwe!"

Ndi a Moyo.

M'kalasi sakundiyang'ana. Inenso ndikuyang'ana bolodi yokha.

Lachisanu

Nkhani yafika pakomboni. A Banda oyendetsa thirakitala auza anthu kuti m'mawa uliwonse amandiona ndikukupiza manja pa njinga. Azimayi pampopi amalizitsa okha: mwana wa a Phiri walowa gule, akuyeserera kavinidwe panjira. Amayi anga, amene salephera mapemphero a Lachinayi, lero sanadye. Andifunsa katatu ngati pali chimene ndikufuna kuwauza. Ndayamba kufotokoza za chizindikiro chochepetsa liwiro, ndikuonetsa ndi mkono. Zangoipiraipira.

Bambo sanachulutse mawu. "Manja onse awiri pa handulo. Ndikamvanso kuti ukuuluka, ndikulanda."

Loweruka

Andituma mchere ndi sopo kugolosale. Manja onse awiri pa handulo, monga mwana womvera. Pokhotera kugolosale ndangokhota mwakachetechete.

Mabuleki kumbuyo! Fumbi! Nkhuku ya munthu ikulira m'galimoto! Mushikashika sunandigunde ayi, ndadziponya ndekha m'ngalande. Ine bondo lokha lasupuka. Koma gudumu lakutsogolo lapindika ngati chivindikiro cha poto chopondedwa ndi ng'ombe.

Hwindi wa Lachiwiri uja waima pamwamba pa ngalande, manja m'chiuno. "Iwe mupfana, pokhota umatulutsa dzanja! Kusukulu sakuphunzitsani?" Onse m'galimoto akuvomereza. Gogo wina akuti ana a njinga ndi amene akumaliza madalaivala ndi matenda a mtima.

Ndabwerera njinga ili paphewa. Mchere ndaiwala.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi andikhazika kutsogolo kuti aliyense aone kuti ndilipo.

Masana ano bambo ali pansi pa mtengo wa mango, akuwongola gudumu ndi phazi. Sanandikalipire. Angonena kuti likawongoka azipitira okha kumabani a fodya, m'kanjira ka m'munda momwe mulibe oti aphunzitsidwe.

Ndatsuka nsapato. Yakumanzere yayasamula kutsogolo, ndaimanga ndi waya. Ndiyenera kugona msanga, mawa ulendo uyamba kusanache.

A Moyo ananenanso kuti woyenda pansi aziyenda kumanja, moyang'anizana ndi magalimoto. Lamulo limeneli ndilitsata ndekha, sindiuza munthu.