Timibulu ta Asewele Anga

Mumsewu mwathu muno munali munthu mmodzi yekha amene ankakhulupirira kuti tiyi wabwino ndi wotafuna, ndipo munthuyo anali asewele anga. Mwana wanga wamwamuna anakwatira mwana wawo wamkazi, choncho aliyense wofuna kuwaseka ayambe wapempha kwa ine. Ine ndekha ndiye ndili ndi ufulu umenewo, ndipo ndinaugwiritsa ntchito mokwanira iwo ali moyo.

Ntchito yawo inali yokonza mipope ya madzi. Mayi akunyumba kwawo atamwalira, anatsala okha m'nyumba yoyang'anizana ndi yanga, iwo, bokosi la masipanala, ndi mtengo wa mango kuseri. Zaka zonse anthu ankawatcha a Mipope. Dzina loti a Timibulu linabwera kuukalamba, ndipo analibweretsa ndi mdzukulu wathu.

Mdzukuluyu, amene iwo ankamutcha Kadona, ndi namwino. Nzeru anatengera kwathu, zimenezo n'zosachita kufunsa. Kwa asewele anatengerako makutu. Atamaliza maphunziro anapeza ntchito kumzinda wakutali, ndipo kupita kwake kunali komweko. Chaka chinatha, china n'kubwera n'kutha. Makolo ake nawo anali atasamukira kutali ndi ntchito, ndiye okalamba awirife tinkangomuonera pa foni Lamlungu masana, titagundanitsa mitu pa kagalasi kamodzi. Nthawi zonse m'manja mwake munkakhala kapu yoonekera mkati, muli zachikasu, pansi pake tinthu takuda.

"Kadona, taya zimenezo," anatero asewele tsiku lina. "Mwagwera ndowe za mbuzi."

"Ndi tiyi, agogo! Wa mango. Timibuluti timatafunidwa."

"Chabwino. Nanga ubwera liti?"

"Aa, agogo, ndibwere kudzamwa chiyani? Kwanuko tiyi ameneyu kulibe."

Anaseka, ine ndinaseka, foni n'kuduka. Asewele sanaseke. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya pang'onopang'ono.

"Asewele, mwamva?" anatero kwa ine. "Vuto ndi tiyi."

"Mwanayu akungocheza, inu."

"Ine ndakalambira m'mipope. Madzi akapanda kufika, ndiye kuti penapake patsekeka. Ukapeza potsekekapo, madzi amabwera okha."

Basitu, msewu wonse unalowa m'mavuto.

Mayi a pagolosale anawapezera kanema pa foni, wa mtsikana wina wophika tiyi ameneyu m'chinenero chimene palibe anatolapo liwu ndi limodzi lomwe. Asewele anamuonera kanemayo mpaka foni inatentha ngati simbi. Anagula chinangwa, anachipala, anachifinya m'nsalu, n'kudikira kuti ufa wosalala ukhazikike pansi pa beseni. Mpaka pamenepo zinali bwino. Koma pokanda anathira madzi ozizira, ndipo ufawo unkati ukaugwira ulimbe, ukausiya uyenderere. Ndinawapeza akuukalipira.

"Sankha chimodzi! Ndiwe madzi kapena ndiwe mwala?"

Atazindikira kuti pamafunika madzi owira a shuga wofiirira, anaumba timibulu tawo toyamba, anatiponya m'poto, n'kupita kukakonza mpope wa mayi a pagolosale osatakasa. Pobwerera anapeza timibulu tonse tagwirizana chimodzi, chibuma chimodzi chakuda chokana supuni, chokana mpeni. Munthu wina akanataya. Iwo anakamata nacho chidebe changa chodontha, ndipo ndikunena pamaso pa Mulungu, chidebecho sichinadonthenso.

Woyamba kulawa anali a Lumo, ometa tsitsi pakona, munthu wosadziwa kukana chaulere. Nthawi imeneyo timibulu ta asewele tinali tisanaphunzire mwambo: kena ngati njere ya mapira, kena ngati dzira la njiwa. A Lumo anapendeketsa kapu, dzira la njiwa lija linatsetserekera kukhosi, maso awo n'kutuluka. Ndinawamenya kumsana ndi dzanja langali mpaka linatuluka n'kukagunda chitseko.

"A Mipope, mukufuna mundiphe ndi tiyi? Pamaliro anga anthu adzati chiyani?"

"Adzati munafa ndi dyera. Imwani pang'onopang'ono."

Koma zinawakhudza. M'mawa mwake anatsegula bokosi la zitsulo, anasankha nati imodzi, anaiwiritsa, anaikwecha mpaka inawala ngati mphete ya ukwati. Kuyambira tsiku limenelo kam'bulu kalikonse kankayenera kudutsa pabowo la nati. Kakakana, kabwerere kukaumbidwanso. Kakadutsa mosakhudza m'mbali, n'kakang'ono, nakonso kabwerere. Ankakhala pakhonde mu ovolosi yawo yabuluu, thireyi pamiyendo, magalasi kunsonga kwa mphuno, kuyeza kamodzikamodzi ngati akulemba asilikali ntchito. Apa m'pamene ana a sukulu anayamba kukuwa podutsa kuti, "A Timibulu, tadutsa tingati lero?"

Kenako panabuka nkhani ya choyamwira. Timapaipi ta m'sitolo tinali tating'ono, kam'bulu sikakanakweramo. Kodi munthu wa mipope angagone ndi vuto la paipi? Anagula paipi yatsopano yoonekera mkati, anaiduladula, anasalaza nsonga zake, aliyense n'kupatsidwa yake. Ya a Lumo anaidula yaitali dala, akuti kuti aziona zimene zikubwera.

Zipatso zinawazunzanso. Chinanazi chinadula mkaka, kapu yonse zibumazibuma, moti ngakhale mphaka wanga ananunkhiza n'kuchoka mwaulemu. Magwafa anaiwala kusefa njere. Koma mango a kuseri kwawo aja, amenewo anamvana nawo. Ankaphika tiyi wamphamvu, kumusiya azizire, kusefa mango pa sefa mpaka ulusi wonse utsale, kuthira mkaka ndi madzi oundana m'botolo la kukamwa kwakukulu, kutseka, kenako kukhutchumula. Anthu inu, kukhutchumula kwake! Thupi lonse linkagwira nawo ntchito, mapewa, chiuno, mpaka makutu aja. Phokoso la madzi oundana m'botolomo, khotcho khotcho khotcho, linkamveka mpaka pagolosale.

Tsiku limene zonse zinayenda bwino anadzaza poto, n'kuika mu furiji yanga kuti Kadona akadzabwera adzapeze zokonzeratu. M'mawa mwake a Lumo anabwera kudzalawa monga mwa nthawi zonse. Tinangomva kuti gwa! Dzino lawo loikirira linali m'manja.

"A Timibulu, awa ndi mabawuti!"

Asewele anatenga kamodzi, anakafinya, anakaponya pansi, kanadumpha.

"Ndiye kuti sitigona timeneti," anatero. "Tikazizira timauma mtima. Tiyenera kupezedwa tili tofunda."

Ine ndinayesa kuti zathera pomwepo. Ayi ndithu. Basi yochokera kumzinda kuja imafika Loweruka masana. Ndiye Loweruka lililonse asewele ankadzuka kukanda, kuumba, kuyeza pa nati, kuwiritsa mpaka timibulu tiyandame, kutiviika m'madzi a shuga, kuti basi ikaliza huta pakona tikhale tili tofewa. Ankavula ovolosi, kuvala malaya oyera, kuika kapu imodzi yagalasi pathebulo la pakhonde, n'kuima pageti. Anthu ankatsika, kunyamula katundu wawo, kumwazikana. Basi inkapita. Iwo ankatembenuka n'kuwomba m'manja.

"Lero wachedwa. Bwerani mumwe, tingaume!"

Ndipo tinkabwera, a Lumo ndi paipi yawo yaitali, mayi a pagolosale atatseka sitolo, ana ndi makapu a kwawo. Kapu yagalasi ija yokha sinkakhudzidwa. Ankaitsuka yosagwiritsidwa ntchito, n'kuibwezera m'kabati.

"Bwanji osangomuuza pa foni kuti tiyi uja alipo?" ndinawafunsa.

"Ndimuuze kuti abwere chifukwa chomvera chisoni nkhalamba? Ayi. Adzangopeza."

Nyengo ya mango itadutsa kawiri, manja awo anayamba kunjenjemera. Timibulu tinkawapulumuka n'kugubuduzika pakhonde, nati inkagwa. Kenako miyendo inatupa, ndipo adokotala anawabweza kunyumba ndi mankhwala ambiri ndi mawu ochepa. Loweruka lina ndinawapeza ali pabedi akuyesa kukanda ufa m'mbale ili pachifuwa, misozi ya ukali ili m'maso.

Ndinawoloka msewu, ndinatseka chitseko changa, n'kuimba foni. Zimene ndinamuuza mdzukulu wanga sizolemba pano. Ndinamukumbutsa amene ankamunyamula pakhosi kupita naye kusukulu ya mkaka. Ndinamuuza za nati, za kapu yagalasi, za malaya oyera. Anati, "Agogo, kuntchito sandilola." Ndinati, "Undipatse bwana wakoyo ndilankhule naye." Sanandipatse. Amandidziwa.

Loweruka lotsatira chipinda cha asewele chinasanduka khitchini. Ine ndinkakanda, mayi a pagolosale ankaumba, a Lumo anapatsidwa nati. Mwini wake, atatsamira mapilo, ankalamula.

"A Lumo, musakakamize! Kakana, kakana. Asewele, madziwo awira? Inu mumaphika ngati mukulanga poto."

"Mukadzachira mudzandiona," ndinatero.

Asewele sindinawauze kanthu za foni ija, kuopa kuti mwina mwanayo sabwera. Koma anaumirira kuti tiwaveke malaya oyera, poti linali Loweruka. Huta inalira pakona. Tonse tinakhala ngati sitinamve. A Lumo anayamba kukhutchumula botolo mofooka, ngati akugoneka khanda. Kenako geti linalira, ndipo pakhomo panaima Kadona, chikwama paphewa, maso ofiira.

Asewele sanadabwe n'komwe. Anangoloza kabati.

"Kapu yagalasi."

Kadona anakhala m'mphepete mwa bedi, anayamwa pa paipi ya mipope ija, timibulu tikukwera kamodzikamodzi, n'kuyamba kutafuna. Chipinda chonse chinkayang'ana nsagwada zake.

"Bwanji?"

"Agogo, kumzinda kulibe wotere."

"Ndi mango. Awo amathira za m'mabotolo."

Anaika kapu pansi, n'kugwira dzanja lawo lonjenjemeralo. "Agogo, tsiku lija ndinkangocheza. Sikuti ndinkalephera kubwera chifukwa cha tiyi."

"Ndinkadziwa, Kadona. Ukuyesa ndine wopusa?" Anatseka maso, akumwetulira. "Koma munthu podikira amafunika chogwira m'manja. Ndipo taona, madzi afika."

Kadona anakhala nawo mpaka mapeto, akuwasambitsa ndi kuwatembenuza ndi manja a ntchito yake, ndipo anawaona akupita mwakachetechete m'mawa wina dzuwa litangolowa pawindo. Pobwerera kumzinda anapempha chinthu chimodzi chokha, nati ija. Ndinakana. Ndinati, "Ukaifuna uzibwera kudzaiona kuno." Fotokozani mmene mungafunire, koma tsopano amabwera, mwina pa tchuthi, mwina mongodzidzimutsa, ndipo sanena tsiku. Ameneyo ndi magazi a asewele.

Msewu wathu ulipobe, koma Loweruka lake linaphwa. M'nyumba muja munalowa anthu ena, abwino ndithu, amene amasesa mango n'kukataya kudzala. A Lumo amameta osalankhula, ndipo paipi yawo yaitali anaipachika pambali pa galasi, pamene ena amapachika chithunzi. Mpope ukadontha timaitana mnyamata wa njinga yamoto, amakonza bwinobwino n'kupita, osatukwana mpopewo ngakhale kamodzi. Ana amene ankakuwa pageti aja akula, amadutsa maso ali pa foni. Nthawi zina masana ndimamva ngati khotcho khotcho kutsidya kwa msewu, ndikasuzumira n'kupeza ndi mphepo ikusewera ndi chitini.

Ine ndinkati tiyi wotafuna ndi misala, ndipo mpaka lero ndikutero. Koma Loweruka ndimapezeka ndatenga thireyi, ndakhala pakhonde, nati ili m'manja. Timibulu tanga timatuluka topindika, theka timakana kudutsa, ndipo palibe wondikalipira. Huta ikalira pakona, madzi amakhala atawira kale, kapu yagalasi ili pathebulo. Basi ikapita osatsitsa wanga, ndimaimirira, kuwomba m'manja, n'kuitana a Lumo kuti abwere msanga, tingaume.