Chidebe Chomwe Ndinakwera Nacho Chapa

Mpaka lero kobradori wina, kondakitala wa chapa, maminibasi a ku Matundo, akandiona amatseka mphuno n'kufuula kuti, "Dotolo, lero mwanyamula chiyani?" Ndimangomukwezera dzanja. Mlandu wake ndi uwu.

Ana a nkhumba yathu, ija akazi anga anabwera nayo kuchokera kwathu ku Angonia, anayamba kutsegula m'mimba, zamadzimadzi zokhazokha. Awiri anafa sabata yomweyo, akazi anga mpaka chakudya chinawakanika. Ndinaimbira foni dotora wa ziweto, mayi wina wa ku laboratoriyo kutsidya kwa Zambezi.

"Mwina ndi kachilombo kotchedwa rotavirusi, koma sindingalosere," anatero. "Mawa mubweretse ndowe zawo tidzayeze."

Ndowe? Zimenezo ndiye zosasowa pakhomo panga! Anayamba kunena zina, za jelo, ayisi woziziritsira uja, ndi kabotolo, koma ine n'kuti chala chili kale podulira foni (ndili ndi khalidwe lomva chiyambi cha nkhani, kumapetoko ndimamalizitsa ndekha).

Tsono ife a ku Angonia sitipita kwa munthu ndi kanthu kochepa. Wakupempha mbatata, umamupatsa thumba. Ndinatenga fosholo n'kukokola khola lonse, za ana, za make, za yamphongo, ndi zadzana zomwe. Ndinadzaza chidebe chachikulu cha penti n'kuchitseka ndithu.

"Abambo, zonsezi?" anafunsa akazi anga.

"Amayi, sayansi imafuna umboni wokwanira," ndinawayankha.

Dzuwa la Tete mukulidziwa. Chapa inaima pakati pa mlatho, magalimoto atathinana, chidebe chili pamiyendo panga. Ndinachimva chikutupa. Chivindikiro chinayamba kulira kuti tswii, ine n'kuchipanikiza ndi chigongono, maso kumtsinje ngati sindikudziwa kanthu. Kenako phuu!

Sindinena zambiri. Bambo wina wa malaya oyera, wopita kuntchito, analankhula Chinyungwe chomwe sindinachimvepo chibadwire. Mayi wa dengu la tomato anangoti, "Mayo ine, malonda anga!"

"Epa, tiyu, tsikani!" anakuwa kobradori.

"Achimwene, izi ndi za chipatala."

Ananditsitsabe. Mlatho ndinaumaliza wapansi, chidebe m'manja, ntchentche pambuyo.

Dotora atachiona anagwira pakamwa. "Bambo, ndimafuna kasupuni kamodzi! Zatsopano, za mwana wodwala yekha, m'kabotolo koyera, pa jelo. Izi zapsa ndi dzuwa, ndipo mwasakaniza za khola lonse. Ndiyeza za yani?"

Manyazi anandigwira, inde, koma chinandiwawa kwambiri n'chakuti tsiku linapita pachabe. Nditafika kunyumba ndinapeza kamwana kena kafa, akazi anga atakhala pambali pa khola.

M'mawa mwake anapita okha, kabotolo ndi jelo zili m'kachikwama, ndipo palibe anawatsitsa. Akuti dotora anasungunula pang'ono m'timadzi, n'kudontheza pa kachipangizo koyezera, mizere iwiri n'kutuluka. Rotavirusi ndithu. Jakisoni wopha kachilomboko anati palibe. Anatiuza kuwamwetsa madzi a mchere ndi shuga, kupatula odwala, ndi kutsuka khola kawirikawiri. Otsalawo anachira.

Akazi anga sanandikalipire, bola akanatero. Masiku ano akamandituma, ngakhale kogula anyezi, amati, "Tabwerezani zomwe ndanena." Ndimabwereza, ngati mwana wa sukulu, anthu oyandikana nafe akumva. Koma mumtima ndimanenabe kuti kupita kwa munthu wophunzira ndi kasupuni kamodzi n'kuumira.