Waya wa Foni Uli pa Matimati a Ba Phiri

Lolemba, 17 Novembala

Bambo Mfumu anyamuka m'mawa kupita ku mbindikiro wa ansembe. Abwera Lamulungu. Kiyi wa ofesi asiyira ine. Ine, osati akatekisiti!

Kompyuta ya pamishoni imasunga makalata a anthu, ndipo ikakwana sikisitini awazi, folo koloko masana, imaimba yokha foni ku Lusaka, n'kutumiza athu, n'kulandira obwera. Malamulo a Abambo:

1. Isazime.
2. Asaikhudze munthu.
3. Ngakhale akatekisiti.

Kalata yanga ilinso m'menemo. Ku Lusaka kuli maphunziro a kompyuta pa tchuthi, ndipo dzina langa liyenera kufika lisanathe Lachisanu.

Sikisitini awazi. Ndikudikira kulira kwake kuja kwa ngati nkhuku yotsamwa. Zii. Ndinyamula foni, nayonso zii. Mvula ya dzulo ija!

Lachiwiri

Nditaweruka kusukulu ndikutsata waya. Mtengo wake wagwa kudambo, ndipo waya wa mapazi makumi atatu palibe. Ndawupeza m'malo awa:

pamatimati a Ba Phiri;
kuseri kwa amake Tisa, atayanikapo matewera;
m'manja mwa ana, utasanduka galimoto ziwiri ndi thirakitala.

Ba Phiri akuti, "Inali pansi, mwana wanga. Ngati boma inali kuifuna, sembe inaisiya m'mwamba."

Ndikuwafotokozera kuti makalata amadutsa m'wayamo. Akuuyang'ana, akuugwedeza pafupi ndi khutu. "Mulibe," akutero. Munthu wamkulu!

Lachitatu

Mabingu kuyambira masana. Ndikuthamanga kuchokera kusukulu, ndipeza ofesi yotsekula. Kani akatekisiti, Ba Mwale, ali ndi kiyi wawo! Azula pulagi, ndipo kompyuta aifunditsa chitenje chokhala ndi nkhope ya Papa.

"Galasi iitana mphezi, iwe. Sunaone agogo ako avinikira kalilole?"

Ndikuti si kalilole. Akuti adziona nkhope yawo m'menemo, nanga n'chiyani?

Lamulo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu, onse afa masana amodzi. Mvula itakata ndiyatsa. Ikuchedwa kudzuka, ndipo ikuti tili mu 1980. Ine ndinali ndisanabadwe! Ndikonza tsikulo. Makalata alipo onse khumi ndi anayi. Yanga ili pamwamba, ikungondiyang'ana.

Lachinayi

Nzeru yabwera pa phunziro la masamu. Ngati waya sungapite ku Lusaka, munthu apita. Ndikopera makalata onse pa disiketi, kachimbale ka kompyuta, wina aipereke kuofesi komwe kompyuta yathu imaimbira, iwo atumize.

Ndipite ndekha? Mawa tili ndi mayeso, ndipo amayi akuti ndikajomba ndikadyere ku Lusaka komweko mpaka kalekale. Kondakitala wa minibasi? Ameneyo anataya nkhuku ya atate, yamoyo, yolira.

Atsala Asisitere a kuchipatala, omwe mawa akukatenga mankhwala ku Lusaka komweko. Munthu wosamala kuposa onse m'parishi muno. Ndiwalembera kapepala ka komwe akapereke. Ndiwauza kuti disiketiyo isanyowe, isapindike, isakhale padzuwa.

"Ine sinitayapo chinthu, mwanawe," akutero.

Mtima uli m'malo. Pang'ono.

Lachisanu

Sanataye. Zimenezo n'zoona.

Kuchipatala kwathu chilichonse chotuluka chimadindidwa ndi kumenyedwa sitepula. Ndi mmene amagwirira ntchito. Ndiye Asisitere adinda disiketi yanga chidindo cha chipatala, n'kuimenya sitepula pamodzi ndi kapepala kaja. Kawiri! Pakati penipeni, kuti isapulumuke.

Akuti anyamata a kuofesi kuja anaitanizana kuti adzaone. Wina anapempha kuti aipachike pakhoma.

Asisitere akuvula nsapato, akundifunsa zomwe zinali m'menemo. Ndiwauza za maphunziro aja ndi dzina la msewu wake.

"Aa! Nadutsa pamenepo kawiri lero. Sembe unangolemba dzina pa pepala, nikanapereka."

Pa pepala. Ndi bolopeni. Ndili nazo zitatu m'thumba.

Ndakhala kuseri kwa tchalitchi mpaka belu la pemphero la Angelusi madzulo. Sindikufuna kuona munthu.

Loweruka

Anthu a foni afika lero, tsiku limodzi chabe mochedwa. Adzutsa mtengo, amanga waya watsopano wonyezimira. Ana ayimirira pansi pake, akuuyang'ana monga amayang'anira mango asanapse.

Sikisitini awazi. Nkhuku ija yatsamwa bwinobwino. Makalata khumi ndi anayi apita m'mphindi zitatu. Zitatu! Ndikukakamiza kompyuta kuimbanso dzuwa likulowa. Obwera:

kwa Abambo, asanu ndi imodzi;
kwa Asisitere, awiri;
kwa ine, imodzi, ya mizere iwiri. Malo anadzaza dzulo masana. Ayamikira chidwi changa.

Chidwi!

Lamulungu

Abambo afika Misa yachiwiri isanayambe. Apeza kompyuta yoyaka, foni yolira, makalata awo ali pamzere. Akondwa kwambiri.

Pa zolengeza andiimiritsa pamaso pa mpingo wonse. Akuti pamishoni pali mnyamata wokhulupirika. Anthu akuwomba m'manja, amayi akululutira ngati ndakwatira.

Titatuluka ndiwauza za Lusaka. Akupukuta magalasi awo. Kenako nkhope iwala.

"Basi Mulungu wakonza! Ine nipita kwathu Disembala yonse. Nenze kudandaula kuti nizasiyira ndani."

Ndiye tchuthi changa ndi chimenecho. Ine ndi kompyuta, masabata anayi, mkati mwa dzinja.

Ndavomera. Ndikanati chiyani?