Maluwa a Apongozi pa Boneti

Lolemba, 18 Ogasiti

Zofunika kumvana ndekha ndisanagwire sipanala:

1. Galimotoyi si yanga. Ndi ya alamu a Dankeni amene ali ku Joni, achimwene awo a akazi anga, mayi a Tamanda. Makiyi anasiyira ine, kulumpha abale awo onse, ati ndine munthu wosamala.
2. Loweruka ikanyamula Esinati, mng'ono wawo wa mayi a Tamanda, kuchokera kutchalitchi kupita kuholo. Alamu sabwera kuukwatiko, tchuthi awakaniza. Ati galimoto ndiyo iwaimirire.
3. Petulo wa pampu yekha. Wa m'zigubu ayi. Ayi!
4. Asadziwe munthu.

Chifukwa chake ndilembe, ngakhale dzanja likukana. Lachisanu lapitali lole yonyamula masamba a tiyi inandipitirira pa chitunda cha kufakitale. Lole yodzaza! Amayi othyola tiyi ali pamwamba, akundibayibitsa. Wina wa duku lofiira akukuwa: "A injiniya, tikukokeni?" Ine, zaka zinayi kukoleji, zaka khumi ndikuyang'anira makina oumitsira tiyi.

Mankhwala ake ndagula ku Limbe: kavalavu ka mkuwa, kotalika ngati chala. Injiniyi ili ndi tebo, chipangizo chokankhira mpweya m'kati. Ukapotokola kavalavuka mpweya umachuluka, mphamvu imakwera. Ukapyola muyeso, petulo wathu wa pampuyu amaphulika nthawi isanakwane, injini imagogoda, kenako imafa. Ndawerengera kawiri. Kupotokola katatu kulibe ngozi. Ine ndipotokola kawiri basi.

Lachiwiri

Chiperoni. Nkhungu mpaka pakhomo. Mpweya wozizira chonchi tebo imaukonda.

Nthawi ya nkhomaliro ndikumanga kavalavu kuseri kwa shedi ya nkhuni. Akutulukira a Mulepa, makaniko wamkulu wa mathirakitala. Ndikuti ndikungoona oyilo. Pansi pali sipanala zinayi, tochi ndi kope.

Akuyang'ana kavalavu, akuyang'ana ine. "Bwana, galimotoyi ilibe matenda. Lodwala ndi phazi lanulo."

Mwano! Komabe kunyumba ndatsegula kope la maulendo. Chaka chonse sindinapyolepo makilomita 45 pa ola.

Lachitatu

Tsiku loyesa, pa msewu wa m'minda ya tiyi.

Kupotokola kamodzi: palibe kusintha.
Kawiri: chimodzimodzi.
Katatu: singano ya geji ya tebo ili du.

Ndikudziwa bwinobwino kuti tebo imadzuka ukaponda kwambiri. Zili m'mabuku onse. Koma m'nkhungu muno mungatuluke mbuzi, njinga, munthu wosenza nkhuni. Kuponda sindingathe. Ndiye ndikuima, ndikutsegula boneti, ndikupotokolanso. Ndi kupotokolanso.

Pakati pa ntchitoyi akudutsa a manijala. Ndikutseka boneti msangamsanga, ndikuwerama ngati ndikuyendera tiyi. Atapita ndikutola kope. Lanyowa ndi mawawa, inki yayenderera. Ndafika kasanu? Kasanu ndi kawiri? Ine amene ndimadziwa chiwerengero cha mabauti a makina onse a m'fakitale!

Osadandaula. Lachisanu ndibwezera zonse pamene zinali.

Lachinayi

Kuyesa kwa dzulo kwamaliza petulo. Kanyali ka petulo kayaka.

Kuntchito ndanena kuti dzino likundipweteka. Bodza loyamba chiyambire ntchito, tikapanda kuwerenga la oyilo lija. Kuboma pampu zauma. Ku Bvumbwe mzere, maola asanu. Petulo akutha kutsogolo kwanga kutangotsala galimoto zitatu. Zitatu!

Ndabwerera pang'onopang'ono. Izi ndiye ndimazitha.

Anzanga awiri andiimbira kufunsa za dzino. Wina walonjeza kundibweretsera adyo woikapo.

Lachisanu

M'mawa, kuseri kwa chigayo. Wogulitsa wa m'zigubu ndi a Namaona, alonda a pageti. Mwezi wathawu anakhala pabenchi loyamba pamene ndinkaphunzitsa antchito za kuopsa kosunga petulo m'nyumba. Anawomba m'manja kuposa onse.

Petuloyo mtundu wake ngati tiyi wothira madzi. Fungo, palafini pang'ono. Ndikununkhiza kachitatu.

"Ndi wa pampu yemweyu, bwana. Wangodutsa m'chigubu."

Mfundo 3 ndaifufuta.

Masana ndikuthamangira kunyumba kuti ndibweze kavalavu. Ndachedwa. Apongozi afika kale ndi amayi a komiti yokongoletsa. Maliboni oyera adutsa pa boneti uku ndi uku, amangidwa pansi mfundo zitatuzitatu. Boneti singatsegukenso. Kumaso kwa galimoto aphimbako nsalu ya lesi. Ndipo chibowo cha pamwamba pa boneti, cholowera mphepo yoziziritsa mpweya wa tebo, apakiramo maluwa a pulasitiki mpaka kuthina.

Ndikumva mawu a apongozi ndili kuseri kwa nyumba: "Opanga galimoto anaganiza bwino. Anaika ndi poika maluwa pomwe."

Ndine mkamwini. Chikwatirire sindinaimepo maso ndi maso ndi apongozi. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tiyi. Ndiyambe lero, ndi phunziro la mpweya?

Ndikutuma mayi a Tamanda: akawauze kuti chibowocho ndi mphuno ya injini.

"Mphuno? Chaka chonse simunatchulepo mphuno. Mwaichita chiyani galimoto ya achimwene?"

"Palibe."

Bodza lachiwiri. Maluwa akhala.

Loweruka

Nkhungu yapita. Dzuwa likuswa mtengo kuyambira m'mawa.

Kuchokera kutchalitchi, giya wani. Amayi akuvina kutsogolo, ine pambuyo pawo, liwiro la mapazi. Mphindi makumi anayi! Singano ya kutentha ikukwera. Esinati kumbuyo akumwetulira pansi pa velo, mkwati akundiyamikira kuti ndimayendetsa mwaulemu.

Patsinde pa chitunda cha kufakitale ovina atopa, akukwera lole imene komiti yabwereka. Lole yomwe ija. Duku lofiira lomwe lija. Ikuyamba kundipitirira, nthungululu, hutala.

Esinati: "Alamu, pa ukwati wanga ndipitiriridwe ndi lole? Pondani!"

Ndaponda. Koyamba m'moyo wanga, mpaka pansi.

Ndilembe zoona: kunali kokoma. Msana unamatirira kumpando, mizere ya tiyi inasanduka nsalu imodzi yobiriwira, lole inatsala ngati yaima. Masekondi asanu ndi atatu. Kenako phokoso ngati misomali m'chitini. Kenako phuu! Utsi woyera, maluwa m'mwamba, zii.

Lole ikuima pambali. A Mulepa akutsika ndi chingwe. Duku lofiira: "Tinanena kale, a injiniya. Tikukokeni."

Akwati afika paholo pa chingwe. Mafoni onse m'mwamba.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Dzino.

A Mulepa abwera ndi njinga. Pisitoni imodzi yabowoka. Anthu onse akuti ndi maluwa anatseka mphepo, iwonso sanatsutse. Potsanzika akundiika kanthu m'thumba la malaya. Kavalavu.

"Ndakachotsa anthu asanaone. Kanali pa naini, bwana."

Naini!

Ndiye kuti ndapulumuka. Palibe akundiloza chala. Koma mayi a Tamanda abwera kuchokera kwa amayi awo atanyamula tambala wakuda. Apongozi sanadye chichokere kuholo. Akuti awononga galimoto ya mwana wawo ndi manja awo, achititsa manyazi mkamwini wofatsa. Tambalayu ndi wopepesera. Kwa ine!

Wamangidwa mwendo pakhonde. Akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Mfundo 4 ndaifufutanso. Mayi a Tamanda ndawauza zonse. Sanakalipe. Angoika madzi pamoto n'kunena kuti tambala wa amayi awo sabwezedwa, koma ine sindilawa ngakhale chipalapasiro achimwene asanamve, ndipo kwa amayi ndikalankhula ndekha, ngakhale kudzera pazenera.

Uthenga ndatumiza. Ndikukopera muno kuti ndisadzakane:

"Alamu, kanema mwamuona. Si maluwa. Ndine. Ndinaika kavalavu, ndinapotokola kasanu ndi kanayi, ndinathira wa m'chigubu, ndinaponda. Amayi alibe mlandu. Makiyi ndipereke kwa yani? Ndaona kuti mwawerenga, timizere tasanduka tabuluu kalekale. Chonde, ngakhale kunditukwana, yankhani msanga. Madzi a tambala ayamba kuwira."