Bambo a M'chitini Akufuna Kwawo

Lolemba

Miyezi itatu tsopano ku Leeds kuno, kwa mwana wanga Tadala. Iye m'mawa uliwonse ulendo kukasamalira nkhalamba za eni, nkhalamba yakeyake waitsekera m'nyumba ndi rimoti. Koma lero ndapeza ntchito!

Aneba athu a Kevini, dalaivala wa basi wopuma, andiitanira tiyi. Ndikutsegula chitini kufuna shuga, iwo kukuwa: "Siyani, amenewo ndi bambo anga!" Anawawotcha, abale inu. Phulusa! Zaka ndi zaka ali pa shelefu pakati pa tiyi ndi mabisiketi. Akuti pomwalira anati, "Mukandisiye ku parishi ya kwathu," koma dzina la parishiyo osatchula. A Kevini akudziwa chimodzi chokha, kuti mtundu wawo ndi wa ku Ireland. Mwezi wamawa ali ndi opaleshoni ya mtima, ndiye akuopa kukakumana ndi bambowo kumwamba chitini chikadali pa shelefu.

Ndawauza kuti ine ndinapezapo ng'ombe yosochera maboma atatu. Parishi ilibe miyendo. Pofika Lamulungu ndiipeza. Malipiro: ndikwera nawo sitima ya pamadzi pokatula chitini.

Lachiwiri

Zida:
pensulo
mapu a Ireland
magalasi a Tadala, anga ndinawakhalira
jekete la ukwati

Mafunso. Mfunda wanu? Alibe. Mtsinje womwe malemu ankasamba? Sadziwa. Malume? Akuti wa chiyani. Anthu awa amatsata bambo, bambo wa bambo, bambo wa bambo wa bambo, mzere wa atambala okhaokha! Ndawaphunzitsa ndi Chingerezi changa cha Sitandade 6: mwamuna ndi mkamwini, wobwera. Kwawo kwa munthu ndi kwa mayi ake. Tipeze komwe kunagwera mchombo wa mayi a malemu, nkhani yatha.

Dzina lawo Mary. Ku laibulale mtsikana walemba pa kompyuta. Kwatuluka a Mary, a Mary, a Mary, mpaka chala chake chatopa. Kaya kumeneko poitanira anthu chakudya amatani.

Lachitatu

Kwa akuluakulu sapita chimanjamanja. Nkhuku yamoyo kuno kulibe, ndiye ndatenga ya mufiriji ya Tadala. Ulendo ndi a Kevini ku kalabu ya anthu a ku Ireland, mabasi awiri. Nkhuku yasungunukira pa ntchafu. Anthu akuyang'ana thalauza langa, ine ndikuyang'ana pawindo ngati bwana.

Madoda atatu pa tebulo. Ndagwada, ndawomba m'manja, ndapereka nkhuku. Mmodzi wathamanga kukafuna foni, akuyesa sitiroko.

Woyamba wayang'ana mphuno ya a Kevini, akuti ya ku boma la Mayo iyi. Wachiwiri akuti bodza, makutuwa ndi a ku Cork. Wachitatu akuti ndi a ku Kerry, ndipo banja limenelo linaba bulu wa agogo ake. Mowa wakuda bii ngati oyilo wa thirakitala. Pa tambula yachitatu amene wapezeredwa kwawo ndine. Akuti ndine wa ku Mayo. Sindinakane.

Lachinayi

Amoyo alephera, tifunse mwini wake. Kwathu bokosi la maliro limadziwa njira: likafuna limakoka onyamula, likakana silisuntha. Tayala mapu pa kapeti. A Kevini chitini pa phewa, ine patsogolo ndi nyimbo ya maliro. Kuzungulira tebulo kanayi, malemu zii. Kachisanu bondo la a Kevini lakana, agwada pakati pa nyanja. Chitini gubudu gubudu, chatuluka m'mapu, chakaima pakhomo. Malemu sanaphunzire mapu.

Tili chikhalire pansi ndafunsa: kodi mbumba yonse inatha? A Kevini akuti ayi, alipo mlongo wa malemu, a Bridie, ku nyumba ya okalamba ku Hull, mzinda wa Angerezi konkuno. Sayankhulana, anakanganirana wotchi ya pakhoma. Mayo ine! Mwini mbiri ali moyo, ife tikufunsa chitini!

Tadala akufuna nkhuku yake. "Ababa, ndikukwezani ndege ya mawa." Ndati mawa sindipezeka, ndili ku Hull.

Lachisanu

A Bridie mano alibe, koma mutu ngati wayilesi. Wowasamalira ndi mtsikana wa ku Chipata, wandipatsa moni wogwada, mtima wanga myaa.

A Kevini afunsa za parishi ya ku Ireland. Gogoyo kuseka mpaka kutsamwa. "Mchimwene wanga uja ngakhale bwato la pa dziwe sanakwerepo!" Anabadwira kuseri kwa doko, Hull yomweyino. Mayi awo a Mary chimodzimodzi. Wa ku Ireland anali mwamuna wina amene anabwera kudzagwira ganyu pa doko, miyezi isanu, kenako n'kusowa, kusiyira a Mary mimba ndi chipewa. Kalankhulidwe ka ku Ireland malemu anakaphunzirira ku bala, poona kuti oimba nyimbo za kumeneko anthu amawagulira mowa.

Mkamwini! Ndinanena ine! Ndavina pang'ono pakati pa njinga za okalamba. Kenako ndakumbukira sitima yanga ya pamadzi. Ndakhala pansi.

Parishi ija ndi mphindi khumi pa basi.

Loweruka

Hull kachiwiri, chitini m'jumbo. Tchalitchi chilipo, koma pansi amagulitsamo makapeti. Pamwamba pamapemphera a ku Zambia ndi a kwathu, lero kwaya ikuyeserera. Ndangosuzumira n'kunena kuti kuli maliro panja. Basi! Amayi atsika ndi zitenje, osafunsa n'komwe kuti wafa ndani.

Kuseri kuli kadimba ka maluwa, mwini makapeti wavomera. Adzukulu kulibe, wokumba ndine, khasu ndi kafosholo ka maluwa. Manda ofika m'chigongono. Nyimbo zisanu. Abusa ola lathunthu kuchitira umboni kuti malemu anali munthu wokonda choonadi. A Kevini alira ngati mwana. Mayi wina walira kuposa iwo, kenako wandinong'oneza: "Kodi anali a kuti?" Ndati a ku Dedza, kwathu, cha kumalire.

Lamulungu

Mvula. Parishi yapezeka tsiku lisanakwane, ulendo wafa. Nyanja ndiionera pa TV.

A Kevini akuti agona tulo tabwino, opaleshoni ibwere. Koma akhala pakhonde ngati nkhuku yonyowa. Moyo wonse kuvala zobiriwira za ku Ireland, kuimba nyimbo zolira dziko, kukwiyira Angerezi, pamene Mngereziyo ndi iwo omwe. "Ndiye ine ndine ndani?"

Ndawauza kuti amene akwirira bambo ako ndiye abale ako. Ndinu a ku Dedza basi. Mfunda ndawapatsa wanga, Phiri. Amayi a kwaya aimba kale foni: Loweruka kuli maliro ku Sheffield, a Phiri atsopanowa abwere ndi galimoto, ndipo asachedwe. Avomera. Afunsanso kuti popeza mfunda ndi umodzi, ine ndi chiyani chawo. Ndati malume, nanga ndikanatani.

Ndimafuna sitima, ndapata muphwa wa imvi wodwala mtima. Opaleshoni ikavuta, mwini maliro ndine. Ndawauziratu: zowotchana ayi.